Mizere Yothokoza Abwana

Nyumba imene esiteti inatipatsa inali ya njerwa zowotcha, zipinda ziwiri ndi pabalaza, magetsi osalipira, mpopi uli pabwalo wogawana ndi mabanja ochepa a m'mbali mwathu. Ndinene poyera, ndinkaikonda nyumba imeneyo kuposa mmene mayi wopemphera ayenera kukondera zinthu za pansi pano. Ndinali ndi chifukwa. Ine ndinakulira kumunsi, m'mizere ya otchola tiyi, m'chipinda chimodzi chimene tinkagonamo tonse pamodzi ndi madengu. Bambo anga atadwala chifuwa n'kulephera ntchito, thirakitala inabwera kudzanyamula katundu wathu n'kukatitula pamsewu, ndipo tinakafika kwawo kwa amayi ku Khonjeni titasenza miphika ndi mphasa pamutu. Pa esiteti nyumba si yako, ndi ya ntchito. Ntchito ikatha m'mawa, madzulo ake makiyi amafunidwa.

Amuna anga anali amagetsi a mufakitale. Anzawo akaweruka ankapita ku bawo kapena kukaonera mpira, koma iwo ankakhala pakhonde ndi laputopu yakale yomata ndi tepi, n'kumalemba timapulogalamu ta timatchipu toyendetsa makina, tating'ono ngati chikhadabo. Chinenero chimene ankalembera ankachitcha asembula. Anandifotokozera kuti ndi chinenero cha pansi penipeni, cholankhula ndi katchipuko mwachindunji: tenga nambala iyi, ika apa, yerekeza ndi iyo, ikaposa zimitsa. Mzere uliwonse ndi lamulo limodzi, monga umachitira potuma mwana wosamva. Ine zimenezo sizinkandivuta, bola munthu ali pakhomo ndikumuona, osati ku Bvumbwe kumene amuna a anzanga ankasiya malipiro awo.

Vuto lawo linali limodzi, ulemu wosefukira. Munthu uja akaimirira kutchalitchi kuti alengeze zoti Loweruka tikalambula kumanda, ankayamba ndi abusa, kenako akulu a mpingo, atsogoleri a amayi, akwaya, alendo ngati alipo, mpaka ana atayamba kusinza. Ndinkawanena kuti tsiku lina nyumba idzapsa iwo akadapereka moni kwa ozimitsa moto. Ankangoseka, n'kundiuza kuti munthu sayamba kulankhula asanatchule eni bwalo.

Chaka chimenecho, mvula ili pakati, tiyi ataphukira moti madengu ankachepa, mphenzi inagwa pafupi ndi fakitale n'kuwotcha bolodi loyendetsa dilaya, makina aja owumitsira tiyi. Bolodi limenelo ndi limene limayang'anira kutentha. Kukachepa, tiyi amatuluka wonyowa n'kuchita nkhungu, kukachuluka, amapserera. Lina loti alowetsepo linali kunja kwa dziko, ndipo ogulitsa anati lifika pakapita masabata. Koma masamba aawisi sadikira munthu. Anadzaza ponseponse mpaka pansi pa simenti, nayamba kutentha okha n'kufiira, fungo lake likufika mpaka kwathu. Aganyu anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Manijala wa fakitale, amene tonse tinkangowatchula kuti abwana, ankayenda uku ndi uku foni ili kukhutu, shati itanyowa kumsana.

Apa m'pamene amuna anga anapempha kuti awalole ayesere. Pa intaneti pali malo amene iwo ankawatcha nkhokwe. Aliyense amaikamo mafayilo a mapulogalamu amene walemba, mizere yonse ili poyera, ndipo aliyense amatengamo ulere popanda kufunsidwa kuti ndiwe mwana wa yani. M'nkhokwemo anali atapezamo kale pulogalamu ya asembula yoyang'anira kutentha kwa uvuni wowotchera mbiya, yolembedwa ndi munthu wa dziko lakutali amene sitidzamuona nkhope. Mwiniwakeyo analemba pamwamba pake kuti tengani, sinthani mmene mufunira, koma mukaikonza n'kukhala bwino, bwezani kuno kuti enanso apindule. Amuna anga anaitenga n'kuyamba kuipinda kuti igwirizane ndi dilaya, n'kuiika pa bolodi lina limene anapanga okha. Masiku amenewo kunyumba ankangobwera kudzasamba. Ine ndinkapereka chinangwa chophika ndi nandolo pageti, mlonda n'kukawapatsira.

Tsiku limene dilaya inadzuka, ndinadziwira pa utsi wa pa chumuni. Madzulo anabwera maso ali psuu, koma akumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso. Ndinali kusenda chinangwa pakhonde, ndipo anandiuza zonse ali chiimire. Anati tiyi woyamba atatuluka, abwana anatapa ndi dzanja, ananunkhiza, n'kuwakumbatira pamaso pa shifiti yonse. Pomwepo, makina akulira, iwo anawerama n'kunena kukhutu kwa abwana kuti pulogalamuyi anaitenga kwa munthu, ndipo mwiniwake anapempha kuti ikakonzedwa ibwezedwe komwe inachokera. Kodi abweze? Abwana anagwedeza dzanja n'kuti, "Chitani, chitani, bola makina akuyenda!" Kapitawo wa shifiti anali ataima pafupi.

"Nanga mukubwezeranji?" ndinafunsa. "Akuonani ndani mukangokhala chete?"

"Amayi, inu mnansi akakupatsirani ndiwo m'mbale, mbaleyo mumaibweza ilibe kanthu?"

Pamenepo anandigwira pakamwa, chifukwa ine ndi amene ndimakalipira ana akabweza mbale ya munthu yopanda ngakhale nthochi.

Anabweza Lamlungu lotsatira, titachoka kutchalitchi, ndi bandulo ya mufoni mwanga. Asanatumize anandiitana kuti ndimve zimene analemba pamwamba. Mu asembula muli mizere ina imene makina sawerenga, yolembera anthu okha, ndipo munthu amaikamo zimene akufuna. Ena amangolembamo dzina la pulogalamu, basi. Amuna anga analembamo ulemu wonse wa kwathu kuno. Zinali m'Chingerezi, koma anandimasulira: akuthokoza Mulungu, akuthokoza mwini pulogalamu yoyamba, akuthokoza kampani, dzina lake lonse, ndi esiteti yake, ndipo mwapadera akuthokoza manijala wa fakitale, dzina ndi udindo, amene mwa kukoma mtima kwawo analola kuti ntchitoyi iperekedwe ulere kwa aliyense. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati mwaiwala akwaya. Palibe chimene chinandigunda mumtima, ngakhale pang'ono. Kwathu kuno, kusiya dzina la wamkulu ndiye mlandu, osati kulitchula.

Mvula inatha, tiyi anachepa, kunayamba kuzizira. Bolodi lochokera kunja lija linafika n'kuikidwa m'sitolo, poti la amuna anga linkagwira bwino. Nkhani ya nkhokwe ine ndinali nditaiwala.

Tsiku lina la chiperoni, dzuwa lisanafike pamutu, ndinawaona akukwera kanjira ka pakati pa tiyi, manja ali m'thumba. Munthu wa shifiti ya m'mawa sabwera nthawi imeneyo. Ndinayang'ana m'chiuno mwawo, pamene pamakhala mulu wa makiyi a zipinda za magetsi. Panalibe kanthu.

"Mwatani, abambo?"

"Andisasipenda, andiimitsa ntchito."

"Mwapha munthu?"

Anakhala pampando n'kufotokoza pang'onopang'ono, monga mwa chikhalidwe chawo, ine ndikupsa. Munthu wina wa fakitale ya tiyi ya dziko lina anapeza pulogalamu ija m'nkhokwe, naigwiritsa ntchito, ndipo inamuthandiza. Nayenso anali munthu waulemu, Mulungu amukhululukire. Anawerenga mizere yothokoza ija, anafufuza kampaniyo, n'kutumiza uthenga ku hedi ofesi, likulu la kampani yathu, woyamikira kuti ali ndi manijala wowolowa manja wogawira dziko lonse nzeru za mufakitale. A ku hedi ofesi sanaone zoyamikira. Anaimbira abwana kufunsa kuti ndani anawapatsa mphamvu zogawa katundu wa kampani kwa opikisana nawo pamsika. Abwana anayankha kuti nkhaniyi akuimva koyamba.

"Koma si anakulolezani?"

"Anandiloleza."

"Ndiye?"

"Ndiye akuti sakukumbuka. Hiyaring'i yomva mlandu wanga ili sabata yamawa."

Ndinawauza kuti atsegule laputopu pompano afufute chinthucho. Anapukusa mutu. Anati cha pamalo pawo angathe kuchotsa, koma nkhokwe zimenezi zimakoperana, ina kutenga kwa inzake, ndipo anthu angapo anali atatenga kale n'kuika pamalo pawo, mizere yothokoza ili momwemo. Ndinati ndiye mwathira mchere m'madzi. Anavomera kuti ndi choncho.

Mawa lake kunabwera kalaliki woona za nyumba. Anagogoda mwaulemu, n'kulowa osavula nsapato. Anayatsa ndi kuzimitsa magetsi chipinda chilichonse, anagwedeza mawindo, anayang'ana kudenga. Ndinamufunsa kuti akufuna chiyani. "Tikungoona, mayi, ndi ntchito basi." Ndinkawadziwa bwino mayendedwe amenewo. Kalaliki sabwera kudzaona nyumba ya munthu amene akukhalabe. Atatuluka ndinakolopa mmene anaponda, ndikutukwana chamumtima. Ndinali ndi mantha, mantha enieni. Mwana wathu wamkulu anali pafupi kulemba mayeso pa sekondale yoyenda pansi kuchokera pakhomopo, ndipo ankawerengera pa babu la pabalaza paja.

Amuna anga anali ndi chiyembekezo chimodzi, kapitawo uja anaima pafupi. Anapita kukamuona kwawo, n'kubwerako msanga. Kapitawoyo anawalandira bwino, anawapatsa mpando, koma nkhani itayamba anati, "Achimwene, phokoso la mmuja mukulidziwa inu. Ine ndinangoona milomo ikugwedera. Ndili ndi ana, achimwene." Sindinamude. Ndikanakhala mkazi wake ndikanamuuza kuti ayankhe chomwecho.

Ndinaganiza zopita ndekha kwa abwana, osawauza amuna anga. Ndinavala chitenje cha kutchalitchi n'kukwera phiri madzulo, nthawi yoweruka. Nyumba ya manijala ili pamwamba, pakati pa kapinga wometa bwino, ndipo agalu ake ndi onenepa kuposa ana a m'mizere. Ndinadikira kukhomo la kukhitchini mpaka wophika anakawaitana. Atatuluka ndinagwada pa simenti yozizira. Ine amene sindigwadira munthu wamba, ndinagwada mawondo onse awiri.

"Dzukani, mayi, dzukani," anatero. Sindinadzuke.

Anayankhula motsitsa mawu, akuyang'ana ngati kukhitchini kuli womvetsera. "Amuna anu ndi munthu wabwino. Anatipulumutsa, zimenezo sindikana. Koma andiika pamoto. Dzina langa lili pamwamba pa chinthu chija, dziko lonse likuwerenga. Tamverani, mayi. Akakanena pa hiyaring'i kuti ine ndinawaloleza, ine ndikana, ndipo pakati pa mawu anga ndi awo mukudziwa amene amveke. Ntchito itha. Koma akakanena kuti anachita okha, osafunsa munthu, ine ndiwapempherera. Apatsidwa fainolo woningi, chenjezo lomaliza, basi. M'nyumba simutulukamo."

Ndikanayenera kuthokoza n'kunyamuka. Koma pakamwa panga sipamva. Ndinafunsa kuti, "Koma bwana, munawaloleza?"

Anayang'ana agalu awo kwa kanthawi. "Mayi, tsiku lija ndinalankhula zambiri."

Ndinatsika phiri lija mano ali gwa. Ndinkafuna kubwerera ndikawalavulire kapinga wawoyo. Komabe ndinali nditaona chinthu china pankhope pawo chimene ndinkachidziwa bwino, chifukwa chinali pankhope panganso. Nyumba ya pamwamba ija nayonso inali ya ntchito. Bamboyo ankaopa kalaliki wake wa ku hedi ofesi monga ine ndinkaopera wanga. Kungoti khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo pa mkhatepo panali iwo, osati ife.

Ndinawapeza amuna anga pakhonde akumasula ayironi ya mnansi. Ndinawauza kumene ndinapita ndi zimene ndinamva. Anaika sikuludiraiva pansi pang'onopang'ono.

"Munakagwada?"

"Ndinagwada. Ndipo mawa ndingakagwadenso."

"Ndiye mukuti ndikanene kuti ndinaba."

"Sindinati munaba. Ndati mukanene kuti munachita nokha."

"Amayi, pa esiteti pano zimenezo n'zosiyana? Wotenga nkhuni za bulugama osapempha mumamutchula chani?"

Dzina lake ndinkalidziwa, ndi mbava.

Anapitiriza, mawu ali pansi. Anati theka la pulogalamuyo si la kampani n'komwe, ndi la munthu uja wa mbiya, amene anapereka ulere makina a kampani atafa. Kampani inadya za ulere, inakhuta, lero ikuti mbale ndi yake. "Munthu wandipatsa, ine ndabweza. Ndinapempha, anandilola, ndinathokoza. Ndalakwa pati?"

"Mwalakwa pothokozapo!" Ndinakuwa mpaka nkhuku zinathawa. "Ndani anakutumani kutchula dzina la munthu? Ulemu wanuwo lero utigoneka panja! Mukuganiza kuti ku Khonjeni kuli chani? Kamunda ka amalume kaja, kamene akulimbirana kale azichemwali anga? Mukakhala mkamwini wopanda khasu, anthu akukuwerengerani nthongo. Laputopu yanuyo mukailumikiza ku mtengo wa mapeyala?"

"Ndipeza ntchito ina."

"Ndi kalata yochotsedwa? Esiteti iti ikulembeni? Mamanijala onsewa amamwera tiyi pamodzi!"

Anatolanso sikuludiraiva ija. Kenako anati, "Ana anga akamva kuti bambo awo anavomera kuba?"

"Akamva ali m'nyumba," ndinatero. "Kuposa kumva kuti bambo awo ananena zoona ali pamsewu."

Masiku otsalawo tinakhala ngati anthu obwereka nyumba imodzi. Ndinkawaikira madzi osamba, ankathokoza. Ndinkawaikira chakudya, ankadya pang'ono n'kuthokoza. Nkhani ija sitinaibwerezenso, ndipo sindinkadziwa chimene asankha. Ndinkawayang'ana pankhope pofuna kuwerengapo kanthu, koma munthu uja akatseka, watseka. Ndinayamba kusonkhanitsa makatoni kuseri kwa khitchini mwakabisira. Tsiku lina ndinapeza atawasanja bwino, aakulu pansi, aang'ono pamwamba, ndipo ndinati ndiye kuti aganiza zosamuka.

M'mawa wa hiyaring'i anavala shati yoyera, anapukuta nsapato. Pakhomo ndinawagwira mkono. Ndinkafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Muganizire ana." Anayang'ana dzanja langa mpaka ndinawasiya.

Ndinawatsatira patali n'kukakhala kunja kwa geti la ofesi, pansi pa mabulugama, pamene amayi amagulitsa nthochi ndi zitumbuwa. Nkhungu inali itaphimba minda, kamvula kosanyowetsa msanga kakuwaza. Amayi aja ankandidziwa, ndipo palibe anandifunsa kanthu. Mmodzi anangondisunthira thumba kuti ndikhalepo. Thirakitala ikadutsa, ndinkakumbuka ija inatitula pamsewu. Ndinapemphera pemphero loipa kwambiri pa moyo wanga wonse. Ndinapempha Mulungu kuti amuna anga aname.

Anatuluka dzuwa litayamba kuboola nkhungu. Anayenda molunjika, osayang'ana kumbali, mpaka anafika pamene ndinali. Ndinayang'ana m'chiuno. Makiyi anali pamenepo.

"Nyumba yanu ilipo," anatero, n'kupitirira.

Ndinawathamangira m'kanjira ka pakati pa tiyi. Ndinali wokondwa, sindibisa, wokondwa moti ndikanatha kulumpha, koma nkhope yawo inandiletsa. Tili pakati pa munda, kopanda anthu, anandiuza osatembenuka. M'chipindamo munali abwana, wa ofesi ya antchito, nthumwi ya yuniyoni, ndi wa ku hedi ofesi amene ankamvera pa foni yoika patebulo. Atafunsidwa ngati anapempha chilolezo, anati ayi, sanafunse munthu. Atafunsidwa chifukwa chimene analembera dzina la manijala, anati anangolemba mwa ulemu. Netiweki inadula pakati, wa pafoni uja sanamve, ndiye anawauza kuti abwereze mokweza. Anabwereza. Abwana anawapempherera monga analonjezera, ndi mawu okoma kwambiri, akuti ndi wantchito wakhama amene anangosochera chifukwa chosadziwa malamulo.

"Ndipo ine ndinathokoza," anatero amuna anga. Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "Ndinathokoza onse, mmodzimmodzi."

Madzulo omwewo anachotsa fayilo ija pamalo pawo m'nkhokwe, monga anawalamulira. Za makope a anthu ena, a ku hedi ofesi anafunsa odziwa makompyuta awo n'kuuzidwa kuti palibe chochita, ndiye nkhaniyo anangoisiya. Dilaya inapitiriza kuyenda ndi pulogalamu yomweyo. Kalaliki wa nyumba sanabwerenso. Ndinaphwasula makatoni aja n'kuyalira nkhuku.

Koma pa bolodi la zidziwitso la pageti la fakitale panamatidwa pepala, monga amachitira ndi aliyense wolandira woningi yomaliza. Linanena kuti wamagetsi wachenjezedwa chifukwa chotulutsa katundu wa kampani popanda chilolezo. Otchola tiyi ambiri sadziwa asembula, sadziwa nkhokwe ya pa intaneti, koma mawu amenewo amawadziwa bwino. Pofika Lamlungu, ena ankati anagulitsa mawaya a kopa ku Limbe, ena ankati ndi mota yathunthu. Kutchalitchi akulu a mpingo anawapempha mwaulemu kuti ayambe apumula pa zolengeza, mpaka mphepo idutse. Anavomera, n'kukakhala benchi lakumbuyo.

Panalinso mphekesera ina imene inkayenda chapansipansi, mwina yochokera kwa kapitawo uja atamwa, yakuti abwana analoleza ndithu, kenako n'kumuponya mnzawo kumoto. Imeneyi ndi imene inkandisowetsa mtendere. Woningi yomaliza ndi ulusi umodzi. Abwana akangomva kuti kunyumba kwa wamagetsi kukutuluka nkhani yoti iwo ananama, chifukwa china chochotsera munthu sichisowa.

M'mawa wina ndinali pampopi ndi ndowa yanga. Panali amayi atatu, ndipo mmodzi mwa iwo anali mkazi wa dalaivala wa abwana, mayi wokoma pakamwa amene zonse zimene wamva masana zimakafika m'galimoto madzulo. Amuna anga anali pakhonde, poti anali a shifiti yamasana, akumanga nsapato. Kuchoka pampopi kufika pakhonde pathu ndi pafupi, munthu akatsokomola umamva.

Mayi uja anadikira kuti madzi ayambe kulowa mu ndowa yanga, n'kunena mokoma, "Pepanitu asisi ndi zimene zinakuonekerani zija. Ife tinadandaula. Koma anthu akuyankhula zambiri, eti. Akuti abwana anawaloleza abambo akwanu, kenako n'kuwakana. N'zoona zimenezo?"

Amayi ena aja anasiya kutsuka. Pakhonde, manja a amuna anga anaima pa chingwe cha nsapato.

Choonadi chinali pakamwa panga, chathunthu, chotentha. Ndinkafuna kuchinena mokweza kuti amve mpaka kumizere, kuti mwamuna wanga sanabepo ngakhale msomali wa kampani, kuti anapempha, kuti analoledwa, kuti ine, mawondo angawa ali pansi, ndinamva abwana akulephera kukana. Ndinayang'ana mkazi wa dalaivala, akumwetulira, akudikira. Ndinayang'ana chitseko cha nyumba yathu.

"Ayi," ndinatero. "Abwana sankadziwa kanthu. Anatenga okha."

"Iii, pepani," anatero mayi uja, atakhutira. "Amunawa amatichititsa manyazi."

"Amatero," ndinayankha.

Ndinatseka mpopi, ndinasenza ndowa, n'kuyenda kupita pakhonde. Amuna anga sanadzutse mutu. Anamaliza kumanga nsapato ija, n'kubweza miyendo yawo kumbali kuti ndidutse ndi madzi anga kulowa m'nyumba.